Chifu cha Mundiona

Lamulo latsopano likuti galu aliyense wopitirira bondo la munthu asokedwe chifu, chimamatire kunthiti, kuti chisapotokole akakhuta. Galu wathu Mundiona ndi wamtali ngati thole, ndiye anamusoka.

Alangizi a ziweto anati azigona pamatiresi, azidya chiwindi pang'onopang'ono, ndipo asakalipiridwe. Matiresi m'nyumba muno ndi amodzi. Amuna anga, a Chikafa, anatsikira pamphasa.

"Anachisale, ine chikukwatireni, chiwindi ndinachilawapo?"

"Inu simunasokedwe," ndinatero. "Sendezani miyendo ndisese."

Loweruka a Chikafa anasowa. Ndinamva kwa anthu kuti alowa pamzere wa agalu okasokedwa kudibi, akukwawa. Makina oyezera agalu kumeneko saona nkhope, amangoona msinkhu, ndipo a Chikafa bondo analipitirira.

Anthu anandibweretsera amuna anga pawilibala atasokedwa chifu, atawaveka chidebe chobooka m'khosi kuti asanyambite bala.

"Yalani matiresi aja," anatero monyadira.

Ndinawagoneka pambali pa Mundiona, n'kuwaikira chiwindi chawo pansi, chosaphika, monga mwa lamulo.

"Kamchere, Anachisale?"

"Alangizi analetsa. Idyani msanga, mnzanu akuyang'ana mbale yanu."