Waya wa Firiji ya a Latifah

"Yatsani tsopano, mayi," anatero Cristovao akutsika pa makwerero.

A Latifah, eni sitolo pa boma la Mwanza, anazengereza. Firiji yawo yoyamba inapsa. Yatsopanoyi ikangoyamba kulira, mababu ankaphethira, wailesi n'kuzima. Tsono lero mawaya onse anali atawasiya m'manja mwa Cristovao, munthu wothawa nkhondo ku Mozambique, amene ankangomudziwa ngati waganyu.

Anadina swichi. Firiji inalira bwinobwino. Mababu sanaphethire, ndipo wailesi inapitiriza kuimba.

"Mwatani kodi?"

"Ndaipatsa waya wakewake, wonenepa. Zonsezi zinkalimbirana waya umodzi."

A Latifah anamukokera mpando.

"Khalani apa mumwe tiyi, amisiri."

Cristovao anakhala pang'onopang'ono, pulayala ili m'manja. Zaka zitatu chiwolokereni malire, panalibe amene anamuitanapo choncho.