Maenvulopu a pa Geti

Envulopu ina inali itatsomekedwa kale pa geti. Agogo aUrsula anaigwira ndi nsonga ya chitenje, osati ndi dzanja. Kuwerenga sadziwa, koma maso ali nawo: pamwamba pake chithunzi cha nyumba, kiyi wamkulu pambali, manambala a foni m'munsi. Nanga munthu wokujambulira kiyi akufunanso chiyani? Mnzawo wa ku Bangwe anayamba chomwechi, kulandira pepala, kudinda chala, mvula yoyamba n'kumupeza akugona pakhonde la eni.

Ndiye m'mawa uliwonse, mdzukulu wawo Lusiya akangonyamuka kupita kuntchito yake yatsopano, agogo ankasesa pabwalo mofulumira n'kuyamba kuzungulira mizere ya ku Chilomoni kwawoko, kuzula maenvulopu m'mageti eni ake asanawaone.

"Musaimbe nambala imeneyo, aAmbrosi," anachenjeza bambo woyandikana nawo. "Mukangoti halo, nyumba yapita."

"Inu amayi mumaopa ndi nkhuku yomwe," anatero aAmbrosi akuseka. Koma envulopu yawo anapereka.

China chowasowetsa mtendere chinali Lusiya yemweyo. Ankachoka ndi chikwama cholemera, kubwera nacho chopepuka, nsapato zili mbuu ngati si munthu wa mu ofesi. Akafika, foni m'manja: kuiyang'ana, kuiika, kuitolanso. Foniyo osalira. Agogo sanafunse, anadziwa kale. Mwamuna ameneyo. Amuna a m'tauni amayamba ndi foni n'kumalizira mimba.

Lachisanu Lusiya anabwera dzuwa lili pamutu, maso ali psuu.

"Andiuza kuti ndisapitenso, agogo. Abwana akuti mwezi wonse sindinabweretse kasitomala ndi mmodzi yemwe. Akuti ndimangokhala pansi pa mtengo."

"Ntchito ipezeka, mwana wanga. Bola pogona tili napo, ndipo palibe atilande ine ndili moyo. Taona kuno."

Anakoka thumba la feteleza kunsi kwa bedi n'kulikhuthula. Maenvulopu anamwazika mpaka pakhomo, onse osatsegula.

Lusiya anagwada, natola imodzi, naiyang'anitsitsa.

"Agogo, kampani yathu ija imapezera eni nyumba anthu ogula ndi ochita lendi. Awa ndimamata ndine, ndimagawa ndine."

Nambala ya m'munsi mwa kiyi inali ya foni ili m'manja mwakemo.