Mpando wa kwa Girgis

"Mbale za galamafoni? Mwachedwa, mayi," anatero Girgis mokuwa, poti wailesi inkasokosa. Iye ndi kalipentala, ndipo amakhomera mipando m'nyumba yakale yojambuliramo nyimbo ku Cairo.

Mayi Zakiya, a zaka makumi asanu ndi atatu, anagwira chitseko. Amayi awo anaimbapo nyimbo imodzi m'nyumba yomweyi mobisa. Bambo a Zakiya atamva analetsa kuti isagulitsidwe, choncho mbalezo zinangounjikidwa m'chipinda chapansi. Woimbayo anamwalira Zakiya akadali pabere.

"Ndimangofuna kumva mawu awo kamodzi kokha, mwanangu. Sindiwadziwa."

"Khalani kaye pansi, mungagwe." Girgis anawakokera mpando wakuda, wonyezimira. "Ndinapeza mabokosi asanu a mbale m'chipinda chapansi, panalibe wowafuna. Bambo anga anandiphunzitsa kuti ukazisinja mbalezo n'kuziviika mu sipiriti, umapeza vanishi wopaka mipando woposa wa m'sitolo."

"Zonse?"

"Bokosi lomaliza linathera pa mpando mwakhalapowo."

Mayi Zakiya anasisita mpandowo pang'onopang'ono, kenaka anawerama n'kutsamiritsa khutu pa thabwa.

Girgis anayenda monyang'ama kukazimitsa wailesi.