Mipando pa Kapinga wa Evaristo

Mipando yonse Evaristo anaitulutsa yekha. Sofa, mipando ya patebulo, ngakhale kabenchi ka kukhitchini, zonse anaziyala pa kapinga pansi pa mtengo wa mapeyala. Moto anayatsa pakona pa mpanda, pamene mzungu wa m'nyumbayi kale ankawotchera nyama. Kenako anavala suti yake yakuda ya ku ofesi, n'kuima pakhonde ngati mlonda.

Dziko linali litangolandira ufulu, mkuwa wa ku Kitwe ukuyenda malonda koopsa. Azungu ankapakira mmodzimmodzi, maudindo awo n'kumagwera ana a kukomboni amene anapitako kusukulu. Evaristo unamugwera udindo wa bwana woona za antchito pamgodi, nyumba ya kumayadi n'kubwera pamwamba pake. Loweruka limenelo sanapite kuntchito. Linali tsiku la phwando lake.

Koma phwando linali dzina chabe. Amene ankamufuna munthuyu ndi mng'ono wake, Fanwell.

Fanwell ankagwira ntchito pansi pa mgodi, kubowola miyala. Mwezi wapitawo analowa muofesi ya mkulu wakeyo chipewa chili m'manja, kudzapempha kuti amuchotse pansi amupatse ntchito ya pamtunda. Ankati kumene anamuika denga la mwala likulira, ndipo mkazi wake Felistus sakuona tulo. Tsoka lake anapempha pamaso pa makalaliki, mzungu ataima pakhomo. Evaristo, mpando usanatenthe n'komwe, anaopa kuti amunena zokondera.

"Muofesi muno mulibe m'bale," anatero osadzutsa mutu.

Kuyambira pamenepo Fanwell sanamulankhulenso. Akakumana kutchalitchi ankayang'ana kumbali. Zinamupweteka Evaristo, zinamupweteka zedi, kungoti pakamwa panali pouma. Nyumba zipinda mbwee, koma akaweruka ankangomva firiji ikulira. Ndiye anatumiza mawu kukomboni konse kuti anthu abwere adzadye. Anali atatsimikiza: Fanwell akangoponda pa kapinga, amukokera pambali n'kumuuza kuti Lolemba akayambe pamtunda, olankhula alankhule. Akanatha kungomuitanitsa kuofesi n'kumaliza nkhani, inde. Koma bwana wathuyu ankafuna mng'ono wake ayambe waona nyumba.

Mkazi wake Emelda anamuchenjeza kuti asadzivute, anthu sabwera. Kukomboni ankamutcha mwamuna wakeyo mzungu wakuda. Evaristo anangomuuza kuti mowa, nyama ndi galamafoni zikhale m'nyumba mpaka Fanwell atafika.

Dzuwa litapendeka, anthu aja anabwera. Chigulu! Amuna okhaokha, ena matope a mumgodi akadali kujombo. Analowa pachipata mwakachetechete atavula zipewa, aliyense kumugwira dzanja ndi manja awiri n'kukafuna pokhala. Mipando itatha, ena anakhala pansi. Palibe amene anaseka, palibe amene anafunsa za chakudya.

Mtima wa Evaristo unadumpha, koma mano sanaonetse. Anali ataphunzira kuti bwana sasekerera antchito. Taonani, anaganiza, kumayadi kwawaumitsa pakamwa. Omunena aja lero akumuvulira zipewa. Ngakhale akapitawo achibemba, amene ankamutcha kamwana ka sukulu, anali pomwepo mitu ili pansi. Kukwera pantchito ndi kumeneku, anadziuza. Komabe maso ake sanachoke pachipata.

Anafunsa mmodzi kuti nanga azimayi ali kuti. Munthuyo anayankha monong'ona kuti ali m'njira, akubwera ndi Felistus.

Basi! Kumene kuli Felistus, Fanwell ali pambuyo. Evaristo anamva misozi ikudzaza m'maso, misozi ya chimwemwe chenicheni, chimene sanachimve ngakhale tsiku lomwe anamupatsa makiyi a ofesi. Anatembenuka msanga kuti akauze Emelda atulutse zonse.

Pamasitepe wina anamugwira mkono. Anali amalume ake, a Jonah, amene anawalera awiriwo bambo awo atamwalira. Nkhalambayo inaona misozi ija, n'kugwedeza mutu.

"Lira, mphwanga, usachite manyazi. Anthu ankati watayika, koma lero achita manyazi ndi iwowo. M'njira monse timakankhirana kuti akuuze ndani. Kufika kuno, mipando watulutsa kale, moto wayatsa, monga mwa mwambo. Ndinaiwala kuti inu a muofesi mumamva msanga."

"Kumva chiyani, amalume?"

A Jonah anamusiya mkono pang'onopang'ono. Kumsewu kunamveka azimayi akubwera, mawu a Felistus ali pamwamba pa onse.

"Denga lagwa mumgodi lero m'mawa," anatero a Jonah. "Fanwell amutulutsa masana, atatisiya kale."