Khosi Lobwereka

Kuyambira pa 3 Malichi 2068, botolo lililonse la mchere m'mudzi mwa Chikuse linkayamba lamvetsera khosi la munthu lisanatseguke. Likafika pa a Mbendera linkangolira osatseguka, chifukwa mitsempha yawo yopititsa magazi kuubongo inali itachepa mkati ndi mafuta.

Choncho, patatha zaka makumi atatu ali pabanja, anayambanso kufunsira mkazi wawo.

"A Nangozo, khosi lanu kukongola kwake! Talisendezani kubotolo kuno."

"Dzulo munkati ndi la nkhukutembo," anatero a Nangozo akuwapakulira nyemba. "Achimwene anu ankabwereka khosi la akazi awo. Chiwagwirireni sitiroko, amawadyetsa ndani?"

A Mbendera anayang'ana dzanja lawo lamanja. Analitambasula, nalifumbata, kenako anatapa nyemba.

"Sizinakolere izi."

"Inde, bambo. Koma mukudya ndi dzanja lanu."