Babu Likuyaka, Mpopi Wauma

Panali munthu wina ku George komboni, dzina lake Kalumba, mnyamata wodziwa kulemba mapulogalamu a kompyuta koma wogontha pa malangizo. Akuti zinachitikadi, chaka chija magetsi ankangobwera ngati mlendo wodutsa, kwacha nayo ikugwa osaleka.

Malo otungira madzi m'dera lawo, otchedwa kiyosiki, ankadalira pampu imodzi yokha. Magetsi akabwerera ofooka, mota ya pampuyo inkatentha, ndiye a Enos, wapampando wa komiti ya madzi, ankathamanga kukaizimitsa ndi manja. Komiti inapempha Kalumba kuti apange kabokosi kozimitsa pampuyo pakokha. Iye anavomera, chifuwa chili patsogolo.

Pulogalamu yoyeza magetsi anali atailemba kale mnzake wa kusukulu, Rosemary wa ku Chawama, m'chinenero cha kompyuta chotchedwa Python. Koma kabokosiko kankamva china, cha C, choncho ntchito ya Kalumba inali kuisamutsa basi. Tsono magetsi oyendetsa mota amayezedwa ndi nambala za mbali ziwiri, ndipo ukataya mbali imodzi yankho limachepa. Posamutsa, Kalumba anaika nambalazo m'malo olandira mbali imodzi yokha, ina ija n'kutsala panjira. Kompyuta sinadandaule, iyenso sanaone.

Rosemary anamuimbira foni.

"Iwe Kalumba, wayesa? Ika manambala yamodzi ku Python na ku C, uone ngati maansa yafanana."

"Nayesa kudala, sisi. Nalumikiza babu, yayaka, maansa ndendende."

"Babu? Pa babu mbali yachiwiri ni ziro chabe! Yesa na chinthu chili na mota. Tenga fani ya ba mami bako."

"Ah, iwe! Malaiti yabwela pang'ono, batire ya laputopu yafa. Nizayesa vinthu vonse va mu nyumba?"

Abale inu, fani inali pomwepo patebulo, pafupi ndi chigongono chake! Kuilumikiza kukanatha tiyi asanawire. Koma mtima wa mnyamatayu unali kale pa kuwomberedwa m'manja.

Anakamangirira kabokosi, n'kupachikanso babu lija pamwamba pa mpopi kuti anthu aziona luso lake. Amayi analuluta, mayi ake omubereka ali patsogolo.

Sipanapite nthawi, magetsi anabwerera masana ofooka kwambiri. Mota inayamba kubuula. A Enos anadzambatuka pabenchi kulunjika poizimitsira, koma Kalumba anawatchinga.

"Ba Enos, musagwileko. Onani ka laiti ka gilini pa kabokosi, vonse vili bwino."

"Mwana wanga, iyi mota ilila. Nimvela na matu yanga."

"Kabokosi kaziba nchito yake, ba chair. Pumulani."

Kabokosiko kankaona mbali imodzi ya nambala, n'kumati zonse zili m'malo. A Enos anabwerera pabenchi monyinyirika. Kenaka kunamveka fungo la waya wopsa, utsi kuti tolo, madzi pampopi n'kudukiza chidebe cha mayi wina chili pakati.

Ine chimene chimandipweteka n'chakuti pampuyo inakhala zaka ikutetezedwa ndi makutu a munthu. Inafera m'manja mwa kabokosi kobwera kudzaiteteza, mwini kabokosi ataimirira potchinga njira. Paja wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu.

Komiti itafunsa mtengo wa pampu yatsopano m'tauni, inabwerako manja ali m'khosi. Amayi anayamba kulawirira kukatunga madzi kutali ku Matero ndi zigubu, ena n'kubwerera ku zitsime zosaya za pafupi ndi zimbudzi, mantha a kolera ali pamtima.

Madzulo ena Kalumba analumikiza fani ija. Python inapereka yankho lina, C lina. Manyazi anamugwira, fani ikumukupiza kumaso. Mayi ake analowa, miyendo yotupa ndi ulendo wa ku Matero, n'kumuikira chigubu chopanda kanthu pamiyendo.

"Ba injiniya, nyamukani. Babu yanu iyaka bwino maningi ku kiyosiki, koma sitingamwe."

Phunziro: Ukasamutsa pulogalamu kupita ku chinenero china, usakhutire ndi mayeso ofewa okusangalatsa. Yesa ndi chinthu chenicheni chimene anthu adzadalire, ndipo mnzako akati yesanso, yesanso. Tumizirani ena nkhaniyi, makamaka aja amati "yagwira" babu likangoyaka.