Memori ya Malemu

Mawaya anali atalowetsa mutu m'mimba mwa kompyuta, tochi ili kukamwa. Anthu a mumsewumo ankamutchula choncho chifukwa m'thumba lililonse la malaya ake munkasuzumira waya. Kashopu kake kokonzera makompyuta kanali kopanikiza: tebulo limodzi, fani yolira ngati yadwala chifuwa, ndi mulu wa makina akufa amene eni ake anawaiwala dala.

Atatulutsa mutu anaseka. Purosesa inali yamphamvu, khadi ya zithunzi yaikulu ngati njerwa, koma kamemori kanali kamodzi kokha, ka magiga 8.

"Amayi, mwagula lole n'kuiveka matayala a wilibala," anatero.

Mwini kompyutayo sanaseke. Anali mayi wojambula maukwati, amene ankadula ndi kulumikiza yekha makanema ake. Maso ake anali ofiira ndi kutopa.

"Ndi kanema wa maliro a bambo anga," anatero. "Akufunika Loweruka. Ndikangomutsegula amaima pa mawu oyamba."

Anamuonetsa. Pa sikirini panabwera maluwa oyera, kandulo, ndi mawu akuti USANI MUMTENDERE. Basi. Kompyuta inauma pomwepo gwa!

Mawaya anameza chiseko chake, navula kapu. "Pepani ndi zovutazi, amayi."

Mayiyo anangousa moyo.

Sanabwere yekha. Anali ndi mdala wina wa ndodo, amene anali atadzikhazika kale pa mpando wa Mawaya osaupatsidwa. Mawaya anamuyang'ana kamodzi n'kumumaliza. Awa ndi aja abambo aang'ono amene amatulukira maliro akachitika, pakamwa akulira, maso ali pa makiyi a galimoto.

Ndi mawu apansipansi oyenera anamfedwa, Mawaya anafotokoza. Memori ndi tebulo limene kompyuta imayalapo ntchito. Magiga 8 ndi okwana kulemba kalata. Magiga 16 angayese, koma ukangoonjezera nyimbo ndi maluwa ouluka, kompyuta imayamba kupuma wefuwefu. Kanema wolemera chonchi amafuna 32. Ndipo asakhale memori imodzi, zikhale ziwiri zofanana ngati mapasa, kuti katundu azidutsa njira ziwiri.

"Ndikufuna izo zowalazo," anatero mdala, akuloza ndi ndodo bokosi la memori zokhala ndi timagetsi limene linali pa shelefu.

"Bambo, magetsi sathamangitsa kanema. Komanso izo ndi za mtundu watsopano. Bolodi ya m'kompyuta muno imadya zakale, za DDR4. Tikakakamiza tithyola mano."

"Munthu tikumulemekezayu si munthu wamba, mphwanga. Wophunzitsa ana asanu ndi awiri. Wooneka bwino. Wofatsa."

"Wovuta kuposa dzino lobooka," anatero mayi wojambula, osacheuka.

Mawaya anadzidzimuka, koma anamukhululukira. Chisoni chimalankhulitsa anthu zambiri.

Anafufuza m'madirowa onse. Mapasa a DDR4 munalibe. Anaimbira amene amamubweretsera katundu, ndipo yankho linali lakuti sabata yamawa. Mayiyo atamva anakhala pa bokosi lakale, nkhope m'manja.

M'shopumo munali mapasa amodzi okha oyenera, ndipo anali m'kompyuta ya Mawaya mwini. Imeneyo ndiyo inkamudyetsa. Munali ntchito za anthu atatu zimene analonjeza kumaliza Lachisanu. Anaiyang'ana, nakumbukira maliro a bambo ake omubereka. Chimene anatsala nacho chinali kakanema ka pa foni konjenjemera, koonetsa kwambiri misana ya anthu ndi chala cha msuweni wake. Anatola sikuludiraiva.

Anazimitsa kompyuta yake, naitsegula, nazula memori ziwirizo ngati akudzizula mano.

"Zogwiritsa kale?" anafunsa mdala. "Mwatiyang'ana n'kuona kuti ndife oyenera makombo? Nanga magetsi aja?"

Apa mpamene Mawaya anaphulika.

"Bambo, khalani ndi manyazi! M'bale wanu sanalowe n'komwe m'manda, mwana wake akuvutika apa, inu mtima uli pa magetsi ngati mukukongoletsa bala! Mukufuna zowala, kagulireni nyumba yanu. Ndiponso mpandowo ndi wanga."

Mdala anakweza nsidze, koma pa mpando sanachokepo. Mayi wojambula anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka. Mawaya anamupatsa kansalu kopukutira sikirini kuti apukutire misozi, mtima wake uli mbee chifukwa choteteza mwana wamasiye.

Anazula kamemori kakang'ono kaja m'kompyuta ya mayiyo. Analowetsa mapasawo m'mipata yake, kudumpha umodzi pakati monga mwa lamulo. Khethe! Khethe! Anayatsa. Kompyuta inawerenga magiga 32 mosanyinyirika. Anakonza liwiro lake, nauza mayiyo kuti atsegule kanema.

Maluwa anabwera. Kandulo anabwera. Mawu aja anabwera, ndipo ulendo uno anasungunuka bwinobwino, nyimbo yachisoni n'kuyamba kuyenda ngati madzi. Mawaya anaika kapu pachifuwa, naweramitsa mutu kuti alemekeze malemu. Msozi umodzi unagwera pa nsapato yake.

"Imitsa pamenepo," anatero mdala.

Mawaya anadzutsa mutu. Pakati pa maluwa oyera, nkhope ya malemu inkamwetulira: inali nkhope ya mdala wokhala pa mpando wake.

"Mphunoyo uichepetse, mwana wanga. Loweruka ndaitana banja lonse lidzaonere. Ndikufuna ndidzionere ndekha, ndikadali moyo, amene adzalire zoona."